Nthenda Imene Ibisala Kumbuyo kwa Ziphuphu ndi Mafuta Oyeretsa Khungu

Matenda a khungu ndi ena mwa matenda amene timaona kawiri-kawiri m'makiliniki a m'makomboni kuno ku Chipata. Mphere, zipere, ziwengo, ziphuphu ndi zilonda za pamiyendo zimabwera tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri sizivuta: wodwala aonetsa pamene pavuta, ife tiona, tilemba mankhwala, nkhani yatha. Koma pali kagulu kena ka odwala kamene kamatisiya ndi mafunso. Munthu alowa atavala cipewa cobisa nkhope, kapena atapaka paudala wokhuthala ngakhale kuli dzuwa la Okutobala. Akuti, "Adokotala, nkhope yanga yaonongeka." Tikamuimika pafupi ndi zenera, mwina tipeza kacipsera kamodzi kocepa ngati kanjere ka mawere, mwinanso sitipeza kanthu. Munthuyo sakunama ndipo sakucita matama. Akuvutika ndithu, koma gwero la vuto lake siliri pakhungu.

M'mabuku a zaumoyo dzina la nthendayi ndi body dysmorphic disorder, mwacidule BDD. M'Cinyanja tingangoti ndi nthenda ya nkhawa ya maonekedwe. Wodwala amakhulupirira kuti ciwalo cina ca thupi lake ndi coipa, copotoka kapena conyansa, pamene anthu ena saona vuto liri lonse, kapena aona kanthu kakang'ono kosayenera kudetsa nkhawa. Maganizo amenewa sam'patsa mpata. Adzuka nao, ayenda nao, agona nao. Nthendayi si yatsopano. Dokotala wina wa ku Italy, Enrico Morselli, anaifotokoza kale mu 1891. Madokotala a ku America anaiika m'buku lao la matenda a maganizo ndi dzina limene tiidziwa nalo lero mu 1987, ndipo bungwe la WHO linaipatsa malo ake-ake m'buku latsopano la maina a matenda limene linayamba kugwira nchito mu 2022.

Si nthenda ya azungu okha

Ena akamva nkhani yotere amati izi ndi za anthu okhuta a kunja, amene alibe nkhawa ya unga kapena ya ndalama za sukulu. Sizili tero. Kufufuza kumene kunacitika m'maiko osiyana-siyana kumaonetsa kuti pafupi-fupi anthu 2 mwa 100 aliwonse ali ndi nthendayi, amuna ndi akazi omwe. Nthawi zambiri imayamba munthu asanafike zaka 18, pa msinkhu uja thupi likusintha ndipo anzake akusukulu ali ndi pakamwa pakuthwa.

Cimene cifunika kwambiri kwa ife a zacipatala ndi ici: anthu amenewa sapita kwa dokotala wa maganizo. Amapita kwa dokotala wa khungu, cifukwa kwa iwo vuto liri pakhungu, pa tsitsi kapena pamphuno. Mu 2000 Dr Katharine Phillips ndi anzake ku America anafunsa odwala 268 a ku kiliniki ya khungu, ndipo anapeza kuti pafupi-fupi 12 mwa 100 anali ndi zizindikiro za nthendayi. Mu 2020 ku Riyadh, m'dziko la Saudi Arabia, anafunsa odwala khungu olankhula Ciarabu pafupi-fupi 500, ndipo anapeza 14 mwa 100. Kumeneko nthendayi inapezeka kwambiri mwa akazi, ndiponso mwa anthu odandaula za mawanga akuda, ziphuphu ndi kuthothoka kwa tsitsi. Werenganinso madandaulo atatuwo. Kodi si omwe aja timamva ku Kapata, ku Nabvutika ndi ku Mchini? Ziwerengero za ku Riyadh si za ku Chipata, koma zitiuza kuti nthendayi siisankha cilankhulo kapena mtundu, ndi kuti pamzere wa odwala khungu ndi pamene tiyenera kuiyang'ana.

Mungaizindikire bwanji?

Tonse tili ndi kena kake pathupi kamene sitikakonda. Wina afuna akadatalika, wina adandaula ndi mano otalikirana, wina dazi lam'fika msanga. Kumeneko si kudwala. Timadandaula pang'ono, kenako tinyamuka kupita ku nchito. Nthenda imayamba pamene nkhawayo ikudya nthawi ndi kuononga moyo.

Wodwala amatha ola lathunthu kapena maola ambiri tsiku liri lonse akuganiza za ciwaloco. Amayang'ana pagalasi kosaleka, ngakhale pa zenera la minibasi kapena pa foni yozima. Ena amacita zosiyana: aopa galasi, alicotsa m'cipinda kapena aliphimba ndi citenje. Amafunsa abale mobwereza-bwereza kuti, "Kodi cikuoneka?" Mukam'yankha kuti iai, mtima ukhala pansi kwa kanthawi cabe, kenako afunsanso. Akamva anthu akuseka pamsika amakhulupirira kuti akuseka iye. Amakana kujambulidwa, amaleka kupita ku chalichi, ku ukwati, ngakhale ku maliro a m'banja. Ana ena amaleka sukulu pa cifukwa comweci, makolo n'kumaganiza kuti ndi ulesi kapena mimba.

Cina cimene timaona ndi kutosa khungu. Munthu afinya kaciphuphu ndi zala, kenako atenga singano, phini kapena lezala kuti acotse "zoipa" zimene akuona. Ena apaka ndimu, mankhwala otsukira mano kapena sopo wocapira. Khungu lathu lakuda liri ndi khalidwe lake: pali ponse pamene lapsa kapena latoswa, pocira limasiya banga lakuda limene lingakhale miyezi yambiri. Motero amene anayamba ndi kaciphuphu kamodzi amadzapezeka ndi mawanga enieni khumi, ndipo tsopano akuti, "Mwaona? Ndinali kunena zoona."

Abambo musaganize kuti nkhaniyi siikukhudzani. Mwa amuna nkhawa imagwera kwambiri pa dazi, pa minofu ndi pa kukula kwa ciwalo cobisika. Mapepala aja omatidwa pamitengo ndi pamipanda, olonjeza mankhwala okulitsa, amapeza makasitomala ao mwa anyamata otere, amene tikawapima tipeza kuti ali bwino-bwino.

Mafuta oyeretsa khungu

Apa ndi pamene nthendayi imakumana ndi msika. Mafuta oyeretsa khungu, amene ena amangoti majaribu, si acilendo kuno kwathu. Amayi athu akumbukira nthawi ya Ambi, ndipo mwambi uja wonyoza wa nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola, unabadwa kale-kale. Lero timabotolo ndi timachubu tafika mitundu-mitundu, tina topanda dzina la amene anapanga, tina tosakanizidwa m'nyumba ndi kuthiridwa m'zikopo za mafuta ena.

Ndinene momveka: si aliyense wodzola mafutawa amene ali ndi BDD. Ambiri amadzola cifukwa anzao adzola, cifukwa amuna ena amatamanda akazi oyera, kapena cifukwa ukwati wayandikira. Ilo ndi vuto la mmene anthu timaonerana, ndipo lifuna nkhani yake-yake. Koma pakati pa odzolawo pali ena amene sangathe kuleka ngakhale nkhope itayamba kusenda, amene amadya ndalama za ndiwo ndi za lendi pogula chubu cina, ndipo akayera amati sanayerebe. Amenewo ndiwo tiyenera kuwafunsa mafunso ena.

M'mafuta ambiri otere mumapezeka cimodzi kapena ziwiri mwa zinthu zitatu.

Coyamba ndi mankhwala a steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a cipatala. Timalembera anthu a ziwengo zoopsa kuti apake pamalo ocepa kwa masiku owerengeka. Munthu akawasandutsa mafuta odzola tsiku ndi tsiku, khungu limayera msanga inde, koma limapyapyala mpaka timitsempha tioneka. Pamanja, pancafu ndi pamawere pamabwera mizere yotambalala imene siicoka. Ziphuphu zimaculuka, zipere zimafalikira thupi lonse, ndipo cilonda sicipola msanga, cimene cimativutitsa ngakhale posoka mayi amene wacitidwa opaleshoni pobereka. Mankhwalawa akalowa m'magazi kwa nthawi yaitali angakweze BP ndi shuga. Cowawa n'cakuti munthu akaleka, nkhope imayabwa, imafiira ndi kutuluka tiziphuphu, ndiye athamangira kukagula cina. Ndi msampha.

Caciwiri ndi hydroquinone. Poyamba imayeretsa, koma ikagwiritsidwa nchito zaka, maka-maka ndi munthu woyenda padzuwa, imabweretsa mawanga akuda bii, okhakhala, pamasaya, pamphumi ndi kumbuyo kwa khosi. Dr G. H. Findlay ndi anzake a ku Pretoria analemba za mawanga amenewa mu 1975, ataona akazi ambiri akuda ataonongeka nkhope. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Mawanga amenewa ndi ovuta kwambiri kucotsa, ndipo ambiri amakhala nao moyo wonse. Taganizani tsono: munthu amene anali kulira ndi banga losaoneka, tsopano ali ndi mawanga amene aliyense aona ali patali.

Cacitatu ndi mercury, imene imapezeka m'sopo ndi m'mafuta ena. Iyi ndi poizoni. Imaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, imadutsa kufika kwa mwana ali m'mimba ndi kwa mwana woyamwa, ndipo imatsalira pa thaulo ndi pa zofunda, kotero kuti ngakhale a m'nyumba amene sadzola amalandirako. Maiko anapangana pangano la Minamata mu 2013 lolimbana ndi mercury, ndipo Zambia iri m'panganolo. Mu 2023 anagwirizana kuti pofika 2025 mercury isapezekenso m'mafuta odzola ali onse. Koma pangano la pa pepala silisecha cikwama ca munthu aliyense wodutsa pa malire, ndipo botolo silinena zoona nthawi zonse za zimene ziri m'kati.

Masiku ano kwabweranso foni. Kamera ya foni zambiri imasalaza ndi kuyeretsa nkhope yokha, ndipo zithunzi za pa Facebook ndi TikTok zimakhala zokonzedwa. Mtsikana adziona pa foni ali wosalala ngati dzira, kenako ayang'ana pagalasi la m'nyumba, apeza munthu wina. Foni siiyambitsa nthendayi payokha, koma kwa amene ali nayo kale ndi nkhuni pamoto.

Mafunso anai

Kupima nthendayi sikufuna makina kapena kutenga magazi. Kufuna mafunso ocepa ndi munthu womvetsera. Dr Phillips anakonza kapepala ka mafunso kamene kamathandiza kusefa odwala, ndipo pali mtundu wake wokonzera makiliniki a khungu. Mfundo zake ndi izi, ndipo mungadzifunse nokha muli kunyumba. Kodi pali ciwalo ca thupi lanu cimene cimakudetsani nkhawa kwambiri, ndipo mumalaka-laka mukadaleka kuciganizira? Kodi nkhawa yanu yaikuru ndi ya kunenepa? Kodi nkhawayi yakusowetsani mtendere, kapena yakulepheretsani sukulu, nchito, kuceza ndi anthu kapena za m'banja? Kodi tsiku liri lonse mumatha nthawi yaitali bwanji mukuiganizira?

Amene wayankha inde pa funso loyamba ndi lacitatu, ndipo amatha ola limodzi kapena kuposa, ayenera kuonana ndi wa zacipatala. Kapepalako sikagamula kuti munthu wadwala. Kamangosonyeza amene tiyenera kukhala naye pansi ndi kukambirana bwino. Funso la kunenepa lilipo kuti tisiyanitse nthendayi ndi ina, ya anthu amene amadzimana cakudya poopa kunenepa, imene cithandizo cake ndi cosiyana.

Mafunsowa analembedwa m'Cingelezi, ndipo mtundu uli wonse uyenera kuwaika m'cilankhulo cake mosamala. Nchito imeneyo si yongotembenuza mau. Tengani funso la maola. Mayi wogulitsa tomato pa Saturday Market sayenda ndi koloko yowerengera maganizo ake. Ndi bwino kumufunsa kuti, "Mukadzuka m'mawa, kodi cimabwera msanga m'mutu n'ciani? Pophika nsima ya masana cimakhala cikalimo? Nanga pogona?" Tengani liu loti kudandaula. Munthu wolemekezeka amayankha kuti, "Iai, sindidandaula," cifukwa kudandaula za nkhope kumaoneka ngati cibwana. Koma mukafunsa kuti, "Kodi mumaganiza kwambiri?" pakamwa pamatseguka, pakuti kuganiza kwambiri ndi mau amene anthu athu amafotokozera kuwawa kwa mumtima.

Funso la kunenepa nalonso kuno limatembenuka. Ku Ulaya ambiri aopa kunenepa. Kuno kwathu, maka-maka kucokera pa zaka zija kaliwonde-wonde anatimaliza abale, ambiri aopa kuonda, cifukwa munthu woonda anthu amamuloza cala. Ndiye timaona atsikana athanzi labwino akumwa mapiritsi onenepetsa kuti matako ndi ciuno zikule, ena mpaka kulandira jekeseni kwa anthu osaphunzira. Wofunsa amene angotsatira pepala la Cingelezi adzamuphonya mtsikana ameneyu.

Palinso vuto la nthawi. Pa kiliniki ya m'komboni mzere umafika panja, ndipo wodwala aliyense amalandira mphindi zocepa. N'cosavuta kulemba kachubu ka mafuta kuti munthu apite. Ine ndiona kuti mafunso anaiwa, amene satenga ngakhale mphindi zitatu, ayenera kufunsidwa kwa aliyense amene dandaulo lake ndi lalikuru kuposa cimene maso aona, kwa amene wabwera kacitatu ndi vuto limodzi-modzi la nkhope, ndi kwa amene wafika kale ndi dzina la mafuta amene afuna. Maclinical officer amene anaphunzira za khungu, monga aja opita ku sukulu ya khungu ya ku Moshi m'dziko la Tanzania imene inatsegulidwa mu 1992, ndi ocepa kwambiri poyerekeza ndi odwala. Conco nchitoyi igwera ife tonse a pamakiliniki, pamodzi ndi manesi.

Koma tisapitirire malire. Munthu wa ziphuphu zenizeni zodzaza nkhope, wa mawanga oyera a vitiligo, wa zipsera za moto kapena wa zotupa za pakhungu zobwera ndi HIV ali ndi cifukwa comveka codandaulira, ndipo ayenera kulandira mankhwala a khungu lakelo. Kumuuza kuti "ndi maganizo cabe" ndi kumulakwira. Banga limene likukula, likusintha mtundu, lacita dzanzi kapena likutuluka magazi liyenera kupimidwa nthawi zonse.

N'cifukwa ciani tikulimbikira?

Cifukwa coyamba n'cakuti mankhwala a khungu saciritsa nthendayi. Kumaiko kumene anthu ali ndi ndalama zocitira opaleshoni yokonza mphuno kapena nkhope, madokotala anapeza kuti odwala BDD ambiri sakhutira. Amati dokotala walakwitsa, kapena nkhawa isamukira pa ciwalo cina.

Cifukwa caciwiri ndi colemera kwambiri. Nthendayi imayenda pamodzi ndi kukhumudwa kwakukuru ndi kumwa mowa mopitirira. Pa odwala amene anafufuzidwa ku America, ambiri ananena kuti anaganizapo zodzipha, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa anai anayesapo. Mwana amene wadzitsekera m'cipinda cifukwa ca mphuno yake sali pa masewera. Akayamba kunena mau monga akuti "kuli bwino ndingofa," musadikire kuti kuce. Pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo cotsani m'nyumba mankhwala a m'munda ndi a makoswe.

Cithandizo cilipo

Njira zimene zaoneka kuti zithandiza ndi ziwiri. Yoyamba ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzira za maganizo, mlungu ndi mlungu. Wodwala amaphunzira kucepetsa kuyang'ana pagalasi, kuleka kutosa khungu ndi kufunsa-funsa, ndi kubwerera pang'ono-pang'ono kumalo amene anali kuthawa: lero kukagula mcere pa kantemba wopanda cipewa, mlungu wamawa ku chalichi. Yaciwiri ndi mapiritsi a gulu la fluoxetine. Si mapiritsi onse a kukhumudwa amene amagwira pa nthendayi, ndipo mlingo wake aike ndi wa zacipatala. Amagwira mocedwa. Pangapite milungu 12 kapena kuposa munthu asanaone kusintha kweni-kweni, ndipo ambiri amalakwa posiya pa mlungu wacitatu poganiza kuti sakugwira.

Yambirani pa kiliniki ya kufupi ndi kwanu. Nenani zonse, osati za khungu zokha. Ngati pafunika, adzakutumizani kwa a zamaganizo pa Chipata Central Hospital. A ku Katete ndi madera ozungulira ali ndi St Francis. Musaope kuti mukangochula za maganizo ndiye basi mwakwera basi ya ku Chainama, makilomita oposa 500 kucokera kuno. Odwala nthendayi ambiri amathandizidwa akugona kunyumba kwao ndi kupita ku nchito. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limanena za ufulu ndi ulemu wa odwala maganizo. Amene afuna kulankhula ndi munthu mwacinsinsi angaimbe 933, ndipo ana angaimbe 116. Manambala onse awiri ndi aulere.

Kwa inu makolo, azakhali ndi alangizi: kunyoza sikuthandiza. Mau akuti "udzimva kukongola" kapena "anzako alibe miyendo koma sadandaula" amangom'tsekera pakamwa. Kutsutsana naye za mphuno nakonso n'kutaya nthawi, pakuti iye aona zimene inu simuona. Ngakhale kumuyankha kakhumi pa tsiku kuti ali bwino kumangodyetsa nthendayo. Muuzeni kuti, "Mwanangu, taona kuti nkhaniyi ikukusowetsa tulo, tiye tikaonane ndi a cipatala." Kupemphera naye n'kwabwino, koma kusalowe m'malo mwa cipatala. Ndipo muleke maina aja opatsa ana ponena za khungu, mutu kapena milomo yao. Odwala ambiri amakumbukira bwino lomwe tsiku ndi munthu amene anayamba kuwaseka.

Pobwera ku kiliniki, nyamulani machubu, mabotolo ndi sopo zonse zimene mwakhala mukudzola, ngakhale zimene zatha, kuti tiwerenge zolembedwapo. Ngati mwadzola mafuta a steroid thupi lonse kwa miyezi yambiri, musaleke tsiku limodzi, cifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo mungadwale. Tidzakuuzani mmene mungacepetsere pang'ono-pang'ono. Amayi apakati ndi oyamwitsa amene akugwiritsa nchito sopo kapena mafuta oyeretsa auze anesi pa sikelo yotsatira.